Tsiku Limene a Mabingu Anayamikira Nyimbo za Shuga

"Imika apa, nthawi yako yatha," anatero a Mabingu akumenya dashibodi ndi chikhatho. "Ndapirira mokwanira. Mtsikana wakoyu wakhala akulira kuchokera pageti la kampani, koma mwamuna akumulirirayo sanabwerebe. Osangopeza wina bwanji?"

Switi anapatutsira lole kumbali kwa msewu n'kukoka handibuleki. Matumba a simenti anagwedezeka kumbuyo, fumbi lake n'kudutsa pazenera.

"Kwatsala nyimbo imodzi, alamu," anatero atawatembenukira. "Lamulo ndi lanu lomwe lija. Chimbale sadumpha."

"Lamulo limenelo ndi la zimbale. Ichi si chimbale, ndi paketi ya shuga."

Anatsika onse awiri kuti asinthane mipando.

Anthu awiriwa anali pachilamu. A Mabingu anakwatira achemwali ake a Switi, Switiyo akadali kamwana ka mamina, n'chifukwa chake ankamutchulabe kuti iwe ngakhale ndevu zinali zitamera kalekale. Ndi iwo anamuphunzitsa kugwira chiwongolero, ndi iwonso anamulankhulira kwa abwana kuti alembedwe ntchito. Kampani inkafuna madalaivala awiri paulendo uliwonse wautali, kuti wina akamayendetsa mnzake azipumula pakabedi ka kuseri kwa mipando. Choncho a Mabingu ankaona nkhope ya Switi nthawi yambiri kuposa ya akazi awo.

Malamulo a m'lolemo anali awiri basi. Wogwira chiwongolero ndiye mwini wayilesi. Ndipo chimbale chikayamba chiziimba mpaka nyimbo yomaliza, popanda kudumpha, popanda kubwereza yokomayo. Lachiwirili anakhazikitsa ndi a Mabingu. Ankati woimba akamasanja nyimbo zake amadziwa chimene akuchita, ndipo wodumphadumpha sasiyana ndi munthu wolowa m'nyumba ya eni kudzera pazenera.

Mayina awo omwe anachokera ku nyimbo. A Mabingu ankakonda roko, nyimbo za magitala okalipa ndi ng'oma zogwedeza magalasi, moti lole yawo inkamveka isanaoneke. Switi ankakonda popu, tinyimbo tachikondi tofewa toti ukamva kamodzi umadzuka nato m'mutu. Mayina a magulu oimbawo ankawapinda lilime, ndiye zimbale ankazitchula potengera zithunzi za pachikuto. A Mabingu anali ndi cha galu wonyowa, cha mpando wothyoka ndi cha nsapato imodzi. Switi anali ndi cha anyamata a pamasitepe, koma chapamtima pake chinali cha mtsikana wa jekete yachikasu.

"Chikomekome cha mkuyu," a Mabingu ankatero akaona jekete yachikasuyo pafoni, "m'kati muli nyerere."

"Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika," Switi ankabweza.

Palibe ankafuna kupambana pamkanganowu. Ndi umene unkawaletsa kusinza.

Tsikuli linali lapadera. Gulu la galu wonyowa lija, limene a Mabingu ankalikonda kuposa onse, linali litatulutsa chimbale chatsopano patatha zaka zambiri lili zii. Za intaneti a Mabingu sankazitha, ndiye anatuma Switi kuti awakopere mufoni yake.

"Wachipeza?" anafunsa atakhala pachiwongolero.

Switi anawaonetsa foni. Pachikuto panali mlatho wosamalizidwa. A Mabingu anauyang'ana nthawi yaitali, ngati chithunzi cha mwana wobadwa iwo ali paulendo.

"Ika. Ndipo usalankhule. Chimbale chatsopano samvera ndi pakamwa."

Apa ndi pamene kachiwanda ka nthabwala kanamulowa Switi. Paketi ya shuga ija inali isanamuchoke pakhosi. Lole itangobwerera mumsewu, m'malo mwa mlatho anadina cha mtsikana wa jekete yachikasu chomwe chija, n'kuvundikira foni pantchafu. Anagwira pakamwa kudikira kuti atukwanidwe.

Piyano inayamba, kenako timawu ta mtsikana, kenako kang'oma ka makina kogunda mofanana. A Mabingu anakanikiza bondo pachitseko n'kuyamba kugwedeza mutu.

"Wamva kalowedwe kameneko?" anatero. "Awa ndiye amuna. Zaka zonsezi sanaiwale ntchito."

Switi anaphulika ndi phwete. Anaganiza kuti amugwira ndipo akumubwezera, poti pa zosereula a Mabingu anali katswiri.

"Chabwino alamu, mwandipeza. Ndisinthe?"

Sanayankhe. Maso awo anali pamsewu, zala zikumenya chiwongolero.

"Tamvera gitala ameneyo mmene akulirira pansi pa mawu. Ana a masiku anowa akanamva izi, bwenzi atasiya kuimba n'kukafuna ntchito."

Munyimbomo munalibe gitala. Munali mtsikana akupempha mwamuna kuti ayankhe foni.

Kuseka kunamuthera Switi pang'onopang'ono. Nkhope ya alamu ake yosereula ankaidziwa bwino: tsaya limodzi linkakoka, diso n'kutsinzinira. Koma nkhope iyi inalibe zimenezo. Munthuyo anali wokondwa zenizeni, mpaka m'maso munali mutalengeza misozi.

Switi anayang'ana kuzenera la mbali yake n'kunena mokweza, "Alamu, tayala lakumbuyo laphulika."

Lole inapitirira ndi liwiro lomwelo.

"Alamu, achemwali akuti akukusiyani. Apeza woimba popu."

A Mabingu anapitiriza kugwedeza mutu.

Switi anawayang'anitsitsa. Zinthu zambiri zimene ankaziyesa khalidwe chabe zinayamba kugwirizana. Masiku amenewo a Mabingu ankalankhula okha mtunda wautali osadikira yankho. Ku ofesi ankamukankhira iye patsogolo, ati lankhula ndiwe, abwanawa ine amanditopetsa. Foni sankayankha, ankati wondifuna alembe uthenga. Ndipo zimbale za Switi ankazinyoza ndi mawu akale omwe aja, osatchulapo kanthu ka nyimbo yatsopano. Pabwalo la kampani anthu ankati mkuluyu wayamba matama, moni sayankha. Switi mwiniwake tsiku lina anawanena pagulu kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, madalaivala n'kuseka, a Mabingu nawo n'kuseka poona anthu akuseka. Atakumbukira zimenezi, anachita manyazi.

Anatembenuza foni mwakachetechete n'kudina mlatho uja. Magitala anabangula, ng'oma zinagunda, m'lole monse munanjenjemera. A Mabingu sanasinthe kagwedezedwe ka mutu ngakhale pang'ono.

Switi anaganiza zongokhala chete mpaka akafike. Nkhani ngati iyi imafuna pokhala pabwino, ndipo kunena zoona ankaopa. Koma msewu sudikira kuti munthu alimbe mtima.

Patsogolo pang'ono msewu unkadutsana ndi njanji. Panalibe geti, panali chikwangwani chokha, ndipo udzu wautali ndi kukhota kwa njanji zinkabisa mbali imene sitima imachokera. Dalaivala aliyense ankadziwa kuti pamenepa umaima, n'kutsitsa wayilesi, n'kumvetsera. A Mabingu anachita zonsezi mwadongosolo. Anaima. Anapotokola wayilesi mpaka inati zii. Anatsitsa galasi, n'kupendeka mutu ngati munthu womvetseradi.

Sitima inali ikuliza hutala. Inkamveka bwinobwino, ndipo inali pafupi.

A Mabingu anagwedeza mutu posonyeza kuti kuli bwino, n'kulowetsa giya. Lole inayamba kuyenda.

Switi sanakuwe, poti kukuwa kukanathandiza chiyani. Analumphira handibuleki n'kuikoka ndi manja awiri. Lole inadzidzimuka, injini n'kuzima, matumba kumbuyo n'kugunda chitsulo. A Mabingu anatembenuka ndi ukali kuti amufunse ngati wapenga, koma pakamwa panangotsala yasa. Mutu wa sitima unatulukira m'udzumo n'kudutsa pamphuno penipeni pa lole, woyendetsa wake atatulutsa dzanja akutukwana. Mabogi anatsatira, ambirimbiri, ndipo onse awiri anangokhala duu kuwaonerera mpaka lomaliza.

Atawoloka, a Mabingu anaimika lole pansi pa mtengo, pafupi ndi kanyumba kogulitsira tiyi. Anazimitsa injini.

"Yang'ana kuno ukamalankhula," anatero motsitsa mawu. "Ndipo usathamange."

"Zinayamba liti, alamu?"

"Kale. Zinayamba ngati nkhululu, kulira m'makutu usana ndi usiku. Kenako lakumanjali linafa. Lakumanzereli limatolako pang'ono pakakhala bata, ndikamaonanso milomo. Injini ikalira, basi, ndili m'botolo."

"Kuchipatala munapita?"

"Ndinapita. Akuti zinawonongekera m'kati, sizibwerera. Kachipangizo kovala kukhutu ndinayesa. M'lole muno kamangokuza injini."

"Nanga nyimbo?"

A Mabingu anamenya bondo lawo. "Sipika ili m'chitsekomu. Ng'oma ndimaimva apa. Zotsalazo ndili nazo m'mutu. Ndikaona chithunzi cha galu, ndimayambitsa ndekha m'kati, nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osaphonya." Anaima kaye, kenako anamuyang'anitsitsa. "Iwe unadziwa tisanafike panjanji. Ndinakuona m'mbali mwa diso ukungondiyang'ana. Unadziwa bwanji?"

Switi anafuna kunama, koma ananena zoona.

"Sindinaike mlatho uja poyamba. Ndinaika cha jekete yachikasu. Inali nthabwala chabe."

"Ndiye ine ndinatani?"

"Munayamikira."

"Ndinati chiyani?"

"Munati awa ndiye amuna."

A Mabingu anaseka, koma chinali chiseko choipa, chopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumutukwana mwana wa eni," anatero. "Lero ndamutcha mwamuna."

Mayi wogulitsa tiyi anabwera kudzafunsa ngati akufuna kanthu. Switi anaitanitsa makapu awiri kuti mayiyo achoke. Tiyi anabwera, anamuika padashibodi, ndipo anazizira pomwepo.

"Tamvera, mlamu," anatero a Mabingu. Dzina loti Switi analisiya dala. "Maso anga ndi abwino. Manja ndi abwino. Sindinagundepo ngakhale nkhuku. Chosowa ndi makutu basi, ndipo iwe uli nawo awiri. Ukhale makutu anga. Ukamva kanthu, undigwire phewa."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, alamu. Nanga ndikagona? Inu mukamayendetsa ine ndimayenera kukhala pakabedi."

"Usagone."

"Ndiye ikafika nthawi yanga ndisinze pachiwongolero?"

"Ndikupatsa wayilesi yonse. Uziika za shuga zako ulendo wonse, kupita ndi kubwera. Uzidumpha nyimbo mmene ukufunira, sindidzanena kanthu."

Izi ndiye zinamupweteka Switi kuposa za sitima zija. Munthu amene anamukalipirapo chifukwa chobwereza nyimbo imodzi, lero ankagulitsa lamulo lake ngati tomato wamadzulo. Anayang'ana pansi.

"Dzutsa mutu, sindikuona milomo," anatero a Mabingu.

"Sindinanene kanthu."

"Abwana akadziwa, anditsitsa pampando uwu tsiku lomwelo. Ndikatsika apa ndine ndani? Ndizikhala pakhonde n'kumaona akazi akuchapa? Ine ntchito ina sindiidziwa."

"Sunthani, alamu. Ndiyendetsa ine kotsalaku."

Anasuntha osatsutsa. Ulendo wonsewo wayilesi inali yozimitsa, ngakhale mwini wake tsopano anali Switi.

Anafika kumene ankatula simenti dzuwa litapendeka. Pamene anyamata a pamalopo ankatsitsa matumba, awiriwa anakhala pamilu ya njerwa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, kumene kunali bata. A Mabingu analoza foni ya Switi.

"Unachimvako chenichenicho?"

"Pang'ono."

"Chimvere chonse, undiuze. Koma usandinamize kawiri."

Switi anavala mahedifoni. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake anamvera chimbale cha roko ndi mtima wonse, osati kungopirira. Nyimbo ikatha ankavula khutu limodzi, n'kuyang'anizana nawo, n'kufotokoza pang'onopang'ono.

"Yoyamba ndi phokoso lomwe lija. Ng'oma ikuthamanga ngati ikuthawa apolisi."

"Eya. Amayamba choncho nthawi zonse."

"Yachiwiri gitala akuyamba yekha, anzake akumupeza pakati."

"Akulira kapena akukalipa?"

Switi anaganiza kaye. "Akukalipa, koma ngati munthu wotopa."

A Mabingu anatsinzina n'kugwedeza mutu, kenako anatsegula maso msanga poopa kuphonya milomo.

"Iyi ndiye yofatsa, alamu. Mulibe ng'oma. Woimbayo ali yekha, ndipo mawu ake akalamba. Penapake akulephera kufika pamwamba, koma sanakonze, angosiya choncho."

"Yofatsa? Iwo aja?" anatero a Mabingu. "Akulephera kufika pamwamba. Hm. Munthu uja ankang'amba denga."

Chimbale chitatha anafunsa, "Tsono chonsecho, wachiona bwanji?"

"Mwati ndisaname. Ine sindinachikonde. Nyimbo zake n'zazitali, ndipo palibe yoti munthu n'kuimba akusamba."

Nkhope ya a Mabingu inawala koyamba chichokereni panjanji paja.

"Ngati iwe sunachikonde, ndiye kuti n'chabwino," anatero.

Anagona kumeneko, ndipo m'mawa mwake pobwerera Switi anayendetsa yekha njira yonse. Pofika kukampani maso ake anali ofiira, msana ukuwawa, ndipo kawiri konse anadzidzimuka tayala litakhudza miyala ya m'mbali. Apa anaona yekha kuti kunyamula ntchito ya anthu awiri kunali kungosintha malo a ngozi.

Madzulo ake anapita kwa achemwali ake. Anawapeza kuseri kwa nyumba akuanula zovala. Pazenera ankaona a Mabingu ali pabalaza, atakhala moyang'ana shelefu ya zimbale zawo zakale, zimene ankazisunga ngakhale makina oimbira anafa kalekale.

"Lankhula momasuka," anatero achemwali ake akupinda malaya. "Sakumva. Andiuza za sitima."

"Ndiye kuti inu mumadziwa?"

"Ndigone naye chipinda chimodzi ndisadziwe? Ndinadziwa tsiku limene mwana anagwa pabedi n'kulira, iwo ali pomwepo akumanga nsapato osatembenuka."

"N'kumawalola kukwera lole, achemwali? Ine ndili momwemo?"

Anasiya kupinda. "Ukuyesa ine sindiopa? Mukanyamuka, foni ikalira mtima umandichoka. Mwamuna wanga ndi mlongo wanga m'chitsulo chimodzi. Ndakhala ndikuwachonderera kuti asiye okha. Akuti ndikufuna kuwaika m'manda akuyenda."

"Ndiye tiwauze abwana."

"Tiwauze ndi ndani? Iwe?" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu ameneyu anakulera. Unabwera m'nyumba muno ulibe ndi nsapato yomwe. Chiwongolero ukunyadirachi anakugwiritsa ndi iyeyu. Lero ukamuvule pamaso pa anthu?"

"Pamsewu pali ana a eni, achemwali. Dzulo inali sitima. Mawa ikhala basi yodzaza."

"Sanagundepo munthu."

"Dzulo ndikanakhala pakabedi, bwenzi lero mukulira maliro awiri."

Achemwali ake anakhala pachidebe chovundikira, malaya ali pamiyendo. Anasalaza kolala ndi chala.

"Ukunena zoona," anatero potsiriza. "Ndipo n'zimene zikundinyansa. Akasiya, ndidzagona tulo. Koma akasiya chifukwa cha iwe, sindikudziwa ngati ndidzathe kukupatsa mpando m'nyumba muno. Iwo sadzakukhululukira, ndipo ine ndimakhala ndi iwo, osati iwe."

"Chibale ndi fupa, achemwali, sichiwola."

"Fupa limathyoka," anayankha, n'kunyamula zovala kulowa m'nyumba. Sanamuitane kuti alowe.

Ulendo wotsatira unali woti anyamuke m'mawa. Switi anafika pabwalo la kampani lole itapakiridwa kale, lona wophimbira katundu atamanga. A Mabingu anafika atavala malaya osita, ndevu atameta, makiyi akuwazunguza pachala. Anapereka moni mokweza kwa mlonda, kwa makaniko, kwa aliyense, asanapatsidwe moni ndi munthu, kuti pasakhale woyankhidwa molakwika. Ankaoneka ngati munthu amene sanadwalepo chimfine.

"Kwera, tichedwa," anatero akutsegula chitseko. "Ndiyamba ine. Iwe maso ako akuoneka ngati unagona m'thumba la tsabola."

Switi anaima patsogolo pawo, pafupi, kuti milomo ioneke bwino. Analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Sindikwera, alamu."

"Wadwala?"

"Ayi. Sindikwera, ndipo inunso simukwera. Lowani mu ofesi mukanene nokha. Mukanena nokha, mwina akupezerani china pabwalo pano. Mukakana, ndilowa ine."

A Mabingu anasiya kuzunguza makiyi. Anayang'ana uku ndi uku. Makaniko anali pansi pa lole ina, mlonda ankasesa pageti.

"Ulendo umodzi wokha," anatero. "Ndikatsanzike msewu."

"Ayi."

"Ndi mlongo wako wakutuma?"

"Achemwali andiuza kuti ndikachita izi ndisadzayembekeze mpando kwanu."

"Ndiye ukuchitabe?"

"Ndikuchitabe."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, osati pamilomo tsopano koma m'maso. Switi anayembekeza kutukwanidwa, ndipo akanakonda atatukwanidwa, ngakhale kumenyedwa khofi kumene. Koma a Mabingu anangoti, "Ndinakuphunzitsa bwino. Ndi pamene ndinalakwitsa."

Anakwera pasitepe ya lole, n'kutulutsa kachikwama kawo, bulangete ndi kapu yawo ya pulasitiki. Anasisita mpando ndi dzanja ngati akuchotsa fumbi. Atatsika anaika makiyi pasitepe pomwepo, osati m'manja mwa Switi, n'kuyamba kuyenda kulowera ku ofesi, bulangete lili m'khwapa.

Switi anawayang'ana akupita. Anafuna kuwauza kuti adzabwerabe kunyumba, amupatse mpando kapena asamupatse. Anafuna kunena kuti pepani.

"Alamu," anaitana.

Pabwalo panali bata, panalibe injini ndi imodzi yomwe yolira, ndipo a Mabingu sanali patali.

"Alamu," anaitananso mokweza, mpaka mlonda anasiya kusesa ndipo makaniko anasuzumira kuchokera pansi pa lole.

A Mabingu sanatembenuke. Anafika pakhomo la ofesi, anapukuta nsapato pachopondera, anagogoda, n'kulowa. Switi anatsala ataima pomwepo, osadziwa ngati sanamve kapena anamva.